Mbalame Imene Inandilanda Atate

Ine ndine woyamba kubadwa. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa pa nkhani yonseyi ndi okhawo amene palibe anganditsutse. Amayi atamwalira kumudzi ku Katete, atate anatsala okha, maso onse awiri atachita ng'ala, ndipo amene anawaumiriza kubwera ku Lusaka kudzaonana ndi madokotala ndinali ine. Amene anakawadikira ku Intercity kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, akukankhana ndi onyamula katundu ndi oitanira mabasi, ndinalinso ine. Mng'ono wanga anangoimba foni, ati ali pamsonkhano kuntchito, tiwapatsire moni.

Ndinawatengera kwathu ku Kabwata. Nyumba yathu ili ndi zipinda ziwiri zogona, ndipo tinalimo kale anthu asanu ndi mmodzi: ine, amuna anga ndi ana athu anayi. Ana ndinawasamutsira pabalaza, makina anga osokera ndinawakankhira kukhonde, atate ndinawapatsa chipinda chawochawo. Sindinadandaule ngakhale pang'ono. Kwathu kholo likakalamba limakhala kwa mwana wamkazi wamkulu, ndipo ine ndinali nditadikira ulemu umenewu moyo wanga wonse. Ndinkafuna anthu akamadutsa pamsewu aziona nkhalamba ili pampando pakhomo panga, aziti mayi uyu amasunga atate ake.

Ndinene za bwalo langa, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Amayi anatilera ndi lamulo limodzi loposa onse, lakuti mkazi amadziwika ndi bwalo lake. Dzuwa lisanatuluke tsache likhale lili m'manja, ndipo ukamaliza mizere ya tsache izioneka pansi ngati tsitsi lopesa. Ine lamulo limeneli linandilowa m'magazi. Bwalo langa la ku Kabwata ndi laling'ono, lili ndi mtengo umodzi wa mango pakona, koma tsamba silinkagona pansi mpaka masana. Ndinkasesa m'mawa, ndinkasesanso madzulo, zinyalala n'kuziunjika kuseri n'kuyatsa moto. Mng'ono wanga ndiye ayi. Kuyambira tili ana, tsache likangotuluka iye ankazimiririka, ukamufuna umupeza kuseri kwa nkhokwe ndi buku. Zikwapu zimene anathawa iye zinkagwera ine, ati wamkulu ndiwe, bwanji sunamuyang'anire.

Atate anakhala kwanga miyezi iwiri. Madokotala anawapanga opaleshoni diso limodzi, kenako linalo, ndipo masiku onse a kuchipatala wowagwira dzanja ndinali ine. Tsiku limene anachotsa thonje pa diso lachiwiri atate anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndayamba imvi ngati amayi anga. Ndinaseka, koma usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo.

Loweruka lotsatira mng'ono wanga anatulukira pa galimoto yake, ati awatenge atate akaone kwawo ku Kabulonga, masiku awiri okha. Iye anaphunzira, amagwira ntchito ya muofesi m'tauni, anakwatiwa ndi mwamuna wa ntchito yapamwamba kumigodi ya ku Solwezi. Ana analibe. Ndinawalongedzera atate malaya awiri ndi mankhwala a m'maso. Masiku awiri anasanduka mlungu, mlungu unasanduka mwezi. Nditatopa ndinaimba foni n'kufunsa kuti kodi abwera liti.

"Mayi, kuno kuli kansidze," anatero atate.

Dzina limeneli silili m'buku lililonse, ndi atate okha amene ankatchula choncho kambalame kena kamene kankaimba m'zitsamba za m'mbali mwa dimba lathu kumudzi. Tili ana ankatikhalitsa chete kuti timvere, ife n'kumatsinana. Ndinali nditakaiwala kalekale. Ndinafunsanso kuti kodi ndiye abwera liti, iwo n'kuyankha kuti tiona.

Ndinakwera maminibasi awiri kupita ku Kabulonga. Geti lalitali, mpanda wa njerwa, mkati mitengo ya mapeyala ndi magwafa, zitsamba zothithikana m'mbali monse, madzi akuwaza kapinga ngati mvula. Koma pansi pa zitsambazo, amayi anga ine! Masamba owola anali mulu, ofika m'kakolo, osaseseka kaya kuyambira liti. Ndinati mumtima, ndalama zonsezi koma uve wake ndi womwe uja. Atate ndinawapeza pakhonde lakuseri atavala juzi yatsopano. Sanandilole ndi kumaliza moni. Anandikoka dzanja kuti ndikhale pansi, n'kuloza pansi pa chitsamba.

Kanali pomwepo. Kukula kwake ngati pumbwa, kapena kucheperako pang'ono. Chifuwa ndi mimba yonse zofiirira ngati njerwa yopsa bwino, msana wotuwa, mutu wakuda bii, ndipo pamwamba pa diso lililonse mzere woyera mbee wochoka pamlomo mpaka kunkhongo, ngati mwana wasukulu wakalemba ndi choko. Kanadumpha kawiri, kanakweza mchira, kanatiyang'ana ndi diso limodzi, kenako kanalowa m'zitsamba. Ndinene zoona, kanali kokongola. Chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri.

Atate anayamba kulongosola ngati akunena za mbale wawo. Ati kambalame aka anakamva ali mnyamata ku Luanshya, m'mayadi a mabwana a mgodi, pomwe kukomboni kunalibe. Anakamvanso ku Chipata m'mbali mwa kamtsinje, ndiponso kutsidya kwa malire ku Mchinji atapita kumaliro a malume awo. Ati kali ponseponse m'maiko athu ano, koma sikakhala pamtetete. Kamafuna zitsamba zothithikana, mthunzi ndi madzi pafupi. Kamaimba mbandakucha ndi madzulo, kamayamba motsitsa ngati munthu wong'ung'udza, kamabwereza nyimbo yomweyo kakukweza, kakukwezabe, mpaka yadi yonse kudzaza. Ati zaka zonse za ng'ala ankangokamva osakaona, ndiye tsopano Mulungu wawabwezera maso, akufuna akaone mpaka akhute.

Ndinafunsa kuti nanga akhuta liti. Anaseka. Mng'ono wanga anabwera ndi tiyi pa thireyi, n'kunena mofatsa kuti, asisi, asiyeni apumeko kuno. Ndinamwa tiyi uja ngati mankhwala. M'minibasi pobwerera ndinakangana ndi kondakitala popanda chifukwa chenicheni.

Nsanje ndi matenda oipa, ndipo ine ndinadwala kwenikweni. Ndinayamba kufunsa aliyense wobwera kudzasoketsa zovala ngati kwawo kuli kambalame ka nsidze zoyera. Mayi wina wa ku Woodlands anati kamamudzutsa tsiku lililonse. Wina wogwira ntchito m'nyumba ku Roma anati kaliko, kamasamba m'mbale ya galu. Mphunzitsi wina wa ku Chelstone anati kumbali ya nyumba zakale zokhala ndi mipanda ya zitsamba amakamva. Koma Kabwata? Aliyense ankapukusa mutu. Kwathu kuli mpheta, nkhunda za anthu, ndi akhwangwala amene amachokera m'tauni kudzang'amba mapepala a zinyalala. Ndinati ha, ngakhale mbalame za mu Lusaka zimadziwa kusankha mayadi. Mng'ono wanga anatenga sukulu, anatenga galimoto, anatenga nyumba ya geti, ndipo tsopano wapatsidwanso mbalame kuti anditengere atate.

Ndinatsimikiza mtima kuti ngati chowasunga kumeneko ndi mbalame, nanenso ndikhala nayo. Ndinachita mmene aliyense wokulira kumudzi angachitire akafuna kuitana mbalame. Ndinawaza mpunga ndi gaga pansi pa mtengo wa mango, ndinaika madzi m'chivundikiro cha ndowa. Ndipo poganiza kuti mbalame ya kumayadi ndi yonyada, siingatere pauve, ndinawonjezera kusesa. Katatu pa tsiku! Kunabwera mpheta zosawerengeka. Kunabwera nkhuku za aneba. Kenako kunabwera makoswe, ndipo amuna anga, amene ndi Mbemba wa ku Luapula wosasowa chonena, anati ngati ndayamba kuweta makoswe ndinene, andimangire khola. Dzinja lonse linatha choncho. Tsiku lina ndinaganizapo zopita ndi ulimbo ku Kabulonga n'kukagwira kambalameko, koma ndinadzifunsa kuti ndikagwidwa ndi atate ndili m'zitsamba za mng'ono wanga, mayi wa ana anayi, ndidzati chiyani.

Atate ankabwera kwathu Lamlungu limodzi pa mwezi tikaweruka kutchalitchi, mng'ono wanga akuwayendetsa. Lamlungu lina atate anazungulira kuseri n'kupeza mpunga uli mbwee pa dothi loseseka bwino. Anafunsa kuti n'chiyani. Ndinayesa kunama kuti ana anataya, koma mwana wanga wamkazi anaulula zonse. Atate anaseka mpaka kupukuta misozi m'maso awo atsopanowo. Ataona kuti nkhope yanga yasintha, analoza phulusa la pamene ndinkawotchera zinyalala.

"Kansidze sikadya mpunga, mayi. Kamatembenuza masamba owola, kamatola chiswe, nyerere ndi tizilombo ta pansi pake. Chakudya chake iwe umachiwotcha madzulo alionse."

Mng'ono wanga anali ataima pakhomo la khitchini, ndipo anamva. Anangoyang'ana pansi, koma ine ndinaona ngati akumwetulira. Ndinapsa mtima moti ndikanatha kuthyola tsache pabondo. Ndiye kuti ulesi wake uja, umene ine ndinkakwapulidwira, ndi umene wamuitanira mbalame. Ine ukhondo wanga, umene amayi anandisiyira, ndi umene ukuithamangitsa. Chilungamo chili kuti pamenepa? Atate pokwera galimoto anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mawa mwake ndinasesa pakhomo ndi njira yopita kumpopi, koma pakona ya mango ndinasiya. Musaganize kuti zinali zophweka. Manja ankandiyabwa. Ndinkasoka pakhonde maso ali kumasamba aja, ndipo kangapo ndinadzipeza nditaimirira tsache lili m'manja osadziwa kuti ndalitenga liti. Zitsamba ndinalibe, ndipo kupempha kwa mng'ono wanga ndinakana. Ndikapita kukaona atate ndinkathyola timitengo ta zitsamba zake mozemba n'kuponya m'chikwama. Inde, ndinaba. Ndinabzala m'mbali mwa waya kuseri, n'kumathirira ndi madzi otsukuluzira zovala, chifukwa mpopi wa ku Kabwata uli ndi masiku ake.

Manyazi ndiye ndinawadya. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene kale ankatuma ana ake kudzaona mmene ndimasesera, anasuzumira pawaya tsiku lina n'kufunsa za tsache. "Ba neba, simupyanga masiku ano? Kapena mudwala?" Ndinati ndili bwino. Amayi a chigwirizano atabwera kudzachita mapemphero kwathu ndinawakhazika kumaso kwa nyumba, ndipo mmodzi atapempha kupita kuseri ndinamuperekeza ndikumulankhulitsa kuti asayang'ane kumbali. Amuna anga anati tsiku limene njoka idzalowe m'nyumba, ine ndi mbalame yanga tidzasamukire limodzi. Ndinkaganiza za amayi kumanda, kuti akanaona bwalo limeneli akanandikana.

Madzinja awiri anadutsa. Zitsamba zinakula kufika m'chiuno, kenako m'mapewa. Pansi pake panada, panayamba kununkhira ngati kudimba. Nthawi yonseyi ndinkapitabe ku Kabulonga, ndipo ulendo uliwonse ndinkabwerako ndi chilonda chatsopano. Atate ananenepa. Ankadziwa pamene pamakhala shuga, ankatsegula geti okha galimoto ikalira. Ankati akaona kuti chakudya chapsa, amaitana mng'ono wanga kuti, mayi, bwera tidye, ndipo sankayamba mpaka iye atakhala pansi. Kwanga sanachitepo zimenezo. Nyumbayo inali zii, moti unkamva wotchi ya pakhoma ikugunda, ndipo ine amene kwanga sungamalize chiganizo mwana asanakuitane, ndinkasirira ngakhale bata limenelo. Ndikafunsa za alamu, mng'ono wanga ankati ntchito yachuluka kumgodi, abwera mwezi wamawa. Ndinkati mumtima, ena ali ndi mwayi, mwamuna wongotumiza zinthu osakudetsera mbale.

Kansidze kanabwera mvula yoyamba itangogwa, chaka chachitatu. Kunja kunali kusanayere bwino, ndikutunga madzi pampopi, ndinamva kung'ung'udza kuseri. Kanabwereza, kanakweza, kanakwezanso. Ndowa inasefukira ine nditaima. Ndinayenda chonyang'ama mpaka pakona ya nyumba, ndipo kanali apo pa nthambi yammunsi ya mango, chifuwa chofiirira chili tutumu, mzere woyera uja ukuoneka ngakhale mu kamdima. Ku Kabwata! Ndinathamangira foni, ndinaimbira atate, osapereka ndi moni womwe, ndinangotambasula dzanja kuloza kumtengo. Kambalame katatha nyimbo ndinabweza foni kukhutu. Atate anati ndi komweko, abwera Lachisanu adzagone kuti adzakaone m'mawa.

Mlungu umenewo ndinasamutsiranso ana pabalaza. Ndinasoka katani yatsopano, ndinachapa bulangete, ndinaika mpando kuseri moyang'ana kumango. Aneba ndinawauza kuti atate akubwerera. Lachisanu madzulo mng'ono wanga anawatsitsa pageti n'kubwerera. M'manja mwawo munali kajumbo kakang'ono, muli malaya amodzi ndi mswachi. Ndinakaona kajumboko, koma ndinadziuza kuti katundu wina abwera pambuyo.

Mbandakucha tinakhala awiri kuseri pa timipando. Sitinadikire nthawi yaitali. Kanaimba, ndipo kachiwiri kanayankha kuchokera m'zitsamba, kenako timbalame tonse tiwiri tinatsikira pansi n'kuyamba kutembenuza masamba ndi milomo, monga ananenera atate. Nkhope yawo inawala. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndachita chinthu chachikulu, kuti mbalame imeneyi siinyengeka, ikabwera ndiye kuti malo ndi abwinodi. Ndinadikira mawu amenewa zaka zitatu. Ndinati ndiye basi, chipinda chawo chili chokonzeka, titume galimoto ikatenge sutikesi.

Mbalame zinauluka. Kenako atate anandiuza, motsitsa mawu kuti ana asamve. Mwamuna wa mng'ono wanga anali asanaponde pakhomo paja kwa zaka zinayi. Ali ndi mkazi wina ku Solwezi, ndi ana awiri. Nyumba anamusiyira, koma iye sadzabweranso. Mng'ono wanga sanauze munthu aliyense, ngakhale kuntchito, ngakhale kutchalitchi. Atate anazindikira m'masiku awiri oyamba aja, ataona kuti mwana wawo akaweruka amadya buledi ataimirira m'khitchini, ndipo m'bafa muli mswachi umodzi. Anamufunsa, iye n'kulira, n'kuwapempha kuti asandiuze, ati asisi adzati sukulu yakupindulira chiyani.

Ndinafunsa kuti ndiye za mbalame zija zinali zabodza.

"Mbalame iliko, sindinaname. Koma ikanapanda kukhalako ndikanati ndakonda mtengo wa mapeyala. Iwe uli ndi anthu asanu okuitana tsiku lonse. Mnzako akalowa pageti, womuyankha ndine ndekha."

Munthu wabwino akanalirira mng'ono wake pomwepo. Ndinadzamulirira pambuyo pake, ndipo ndinachita manyazi pokumbukira kuti mawu amene ankaopa kuti ndidzanena, ndikanawanenadi. Koma pa kampando paja chimene chinayamba kubwera si chisoni. Inali nsanje yomwe ija, yangosintha malo. Ndinachitira nsanje galimoto yake, mitengo yake, mbalame yake, ndipo tsopano ndinali kuchitira nsanje tsoka lake, chifukwa ndi limene linamupatsa atate. Ndinayang'ana zitsamba zanga zakuba, masamba amene ndinanyozedwa nawo, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Nanga ine ndikanasowa chiyani kuti mukhale kwanga?"

"Usapemphe zimenezo, mayi," anatero atate. "Usadzapemphenso."

Mng'ono wanga anabwera masana kudzawatenga. Kwa nthawi yoyamba ndinamuyang'ana iyeyo osati galimoto yake, ndipo ndinaona kuti diresi limene ndinamusokera chaka chapitacho linali litamukulira. Anafunsa ngati mbalame yaimba, ndinati yaimba. Anazungulira kuseri, anayang'ana zitsamba zija, n'kunena kuti zikufanana ndi za kwawo. Ndinati n'zakwanu, ndinkaba. Anaseka, nanenso ndinaseka, ndipo atate anatenga kajumbo kawo n'kukakhala kumpando wakutsogolo. Madzulo ana anabweza mphasa zawo kuchipinda, akukondwera ndi katani yatsopano.

Za mwamuna wake sindinamufunse mpaka iye mwini anadzandiuza patapita miyezi. Masiku ano Lamlungu ndimakwera maminibasi awiri aja osadikira kuitanidwa, ndipo timadya atatu. Koma ndisakunamizeni kuti ndinachira. Atate akatsegula geti lija ngati lawo, china chake chimandilumabe pansi pa mtima.

Kansidze kanamanga chisa m'zitsamba zanga. Aneba anasiya kufunsa za tsache, ndipo mayi uja tsopano amauza alendo ake kuti mbalame imeneyi mu Kabwata yense ili pano pokha. M'mawa uliwonse kamayamba motsitsa, kamakweza, kamakwezabe, ine ndikusesa pakhomo mpaka pamene masamba ayambira. Ndimaima pamenepo n'kumvera mpaka kamalize, ndekha, pambali pa mpando umene ndinaikira atate.